Jekete Lachikasu la Evelyn

Chimene chinkamuwawa Keturah pa ulendowu n'chakuti mwamuna wake Gracian sankayang'ana mapu. Kuchokera kwawo ku Braunstone, ku Mangalande, mpaka m'minda yathyathyathya ya ku Lincolnshire, ankadziwa pokhota paliponse, ngakhale kanyumba kogulitsa makeke m'mbali mwa msewu. Anayendamo kale ndi malemu Evelyn, mkazi wake woyamba. Kuchitira nsanje munthu wakufa n'kochititsa manyazi, koma Keturah nsanjeyo inali itamufika pakhosi.

Anaima pafamu ina pomwe apaulendo amajambulitsa ndi zidole zaudzu zoopsezera mbalame. Gracian atapita kukagula tiyi, Keturah anaona chidole chakumapeto chitavala jekete lachikasu, thumba lake losokedwa ndi ulusi wofiira. Linali jekete la Evelyn. Zovala za Evelyn zinayenera kupita kwawo ku Ntcheu kuti abale ake akagawane monga mwa mwambo. Keturah ananena kuti anazitumiza, chonsecho anakaziponya m'bini ya zovala zachifundo. Ankadziwa kuti tsiku limene Gracian adzamve zimenezi, banja lidzathera pomwepo.

"Tiyeni tizipita, mutu ukundipweteka," anatero Keturah, akumukokera Gracian kugalimoto.

Anakamanga tenti ku Derbyshire, m'chigwembe chakuya pakati pa matanthwe, momwe mdima umagwa msanga. Usiku woyamba Keturah anamva zipi ya tenti ikutseguka pang'onopang'ono, dzino limodzilimodzi, Gracian akuliza mkonono. Usiku wachiwiri kunamveka tswatswatswa kuzungulira tentiyo, ngati wina akukoka mtolo wa udzu pamiyala.

"Mwamva?" ananong'ona.

"Ndi nkhosa za mafamawa. Gona iwe."

Koma nkhosa sizitsegula zipi. Usiku wachitatu Keturah anagona atagwira mkono wa mwamuna wake zolimba. Anadzidzimuka atafumbata udzu wouma. Pakati pawo panali mpata wokwana munthu, ndipo Gracian ankayankhula kutulo.

"Wazizira bwanji, Eve. Sendera kuno."

Mantha anali nawo ndithu, koma chimene chinamuliza Keturah chinali kufewa kwa mawuwo. Iye anali asanayankhulidwepo choncho.

Kutacha anamupeza Gracian panja atakhala pamwala, jekete lachikasu lili pamiyendo, akuchotsa udzu m'mikono ya jeketelo umodziumodzi. Chala chake chinaima pa ulusi wofiira uja.

"Thumba ili ndinasoka ndine," anatero osamuyang'ana. "Keturah, ku Ntcheu unatumiza chiyani?"