Papaya wa Subira

"Taonani dzanja la Subira," anatero Mayi Sabiti, namwino wamkulu amene ankaphunzitsa atsikana za unamwino pachipatala china cha mishoni ku Chiradzulu. "Singano yalowa, singano yatuluka. Kubaya jakisoni n'kumeneku."

Matilda, mmodzi wa atsikanawo, mawuwa anamuwawa. Chaka chimenecho cha 1979 panalibe womuposa pa mayeso olemba. Mayina a mafupa ankawatchula ngati akuimba kwaya. Koma akangogwira jakisoni, mayo ine, dzanja linkanjenjemera ngati la munthu wamalungo. Tsono mayeso obaya anali atayandikira. Wokhoza ankavekedwa kachipewa koyera ka unamwino, wolephera ankamanga katundu wake. Kwawo ku Milepa amayi a Matilda anali atauza kale mpingo wonse kuti mwana wawo ndi namwino.

Chinkamuwawa kwambiri n'chakuti womuposayo anali Subira, mwana wa telala wa ku Namadzi, yemwe Chingerezi chake chinali chothyokathyoka. Subira ameneyu!

Masana ena, anzake akupumula, Matilda anaona Subira akulowera kunthochi kuseri kwa nyumba yochapira, atanyamula kansalu komanga. Anamutsatira monyang'ama. Subira anagwada, namasula kansalu kaja. Munali papaya wosapsa wodzaza timabowo, ndi jakisoni wakale wagalasi amene Mayi Sabiti ankabwereketsa aliyense wofuna kuyeserera.

"Pepani mayi, ndikubayani pang'ono," Subira anauza papaya uja. Anamupukuta ndi thonje, namubaya. Anazula, napepesanso, nabayanso, utomoni woyera uli chuchuchu.

Matilda sanali wopusa ayi. Chimene ankaonacho anachidziwa bwino lomwe. Koma nsanje ilibe manyazi.

"Eluby, pakamwa pako pali chotsekera?" Matilda anafunsa mnzake wogona naye chipinda chimodzi. "Mnzathu Subira uja ndi wokhwima. Ndamupeza kunthochi akulankhula ndi papaya, akumubaya uku akunong'ona. Luso lija si lachabe. Amene adzabayidwe ndi iyeyu, kaya."

Eluby analonjeza kuti sauza munthu. Pofika mawa lake, ngakhale amayi ophika anali atamva.

Pasukulupo panali mwambo wakuti pa mayeso atsikana ankabayana okhaokha pamkono ndi madzi oyera a m'kabotolo, kuti aliyense alawe zimene wodwala amamva. Tsikulo litafika, Subira anaitanidwa koyamba. Anaima ndi mbale ya masingano owiritsa, koma palibe anadzuka kukapereka mkono. Wina anayang'ana kudenga, wina anayamba kutsokomola.

"Popanda mkono palibe mayeso, ndipo popanda mayeso palibe chipewa," anatero Mayi Sabiti. "Chavuta n'chiyani?"

"Akuti ndi wokhwima, Mayi," Eluby anayankha motsitsa mawu. "Akuti amalankhula ndi papaya."

"Akuti ndani?"

Maso onse anatembenukira kwa Matilda. Misozi inali lengelenge m'maso mwa Subira.

"Iwe unaona ufitiwo, bwera ndi mkono wako," anatero Mayi Sabiti.

Matilda anakhala pampando ali ndi mantha. Sankaopa mankhwala a ufiti, poti ankadziwa kuti kulibe. Ankaopa kuti munthu amene wamuipitsira mbiri wagwira singano. Akanakhala iye, bwenzi atabaya mpaka pafupa. Anatsinzina.

"Pepani mayi, ndikubayani pang'ono," anatero Subira, mawu omwe aja a kunthochi. Thonje lozizira linadutsa pakhungu. Matilda anadikira ululu, nadikirabe.

"Ndamaliza," anatero Subira.

"Wakhoza. Tsopano sinthanani," anatero Mayi Sabiti.

Subira anakhala pansi napereka mkono wake. Dzanja la Matilda linayamba gule wake uja. Singano inalowa mokayika, inatuluka, inalowanso mopendama. Magazi anayenderera mpaka pachigongono. Subira analuma mlomo osalira.

"Basi! Ameneyu ndi munthu, si chiguduli!" Mayi Sabiti analanda jakisoni. "Udzayesenso Lachisanu. Ukadzalephera, njira ya ku Milepa ukuidziwa."

Mawa lake masana Matilda anathyola papaya wosapsa, nalowera kunthochi. Anapeza Subira atakhala pamwala, mkono utatupa, wamangidwa bandeji.

"Wabwera kudzakhwima nawe?" anafunsa Subira osaseka.

"Ndiphunzitse," anatero Matilda, maso ali pansi. "Ndikapanda kukhoza, kwathu ndikalowa ndi nkhope yanji?"

Subira anamasula kansalu kaja namupatsa jakisoni.

"Gwira chonchi, ngati pensulo. Koma usanabaye, uyambe wapepesa. Amene ukumubayayo amamva kuwawa."

Matilda anayang'ana papaya ali m'manja mwake. Kenaka anamuika pansi, nayang'ana mkono wotupa uja.

"Pepa, Subira," anatero.