Chinanazi mu Adobo

Luningning anakumana ndi Dindo pokwerera jipu zonyamula anthu mumzinda wa Naga, kum'mwera kwa Manila, m'mawa wina mvula ikuwaza. Anthu akukankhana, kabakuli ka mtsikanayo kanatseguka, msuzi wa ndiwo yotchedwa adobo n'kutayikira padzanja la mnyamatayo.

M'malo mokwiya, Dindo ananyambita chala.

"Waphika ndani zimenezi?"

"Ndine. Pepanitu achimwene."

"Mukupepesa chiyani? Nyama ya nkhumba, viniga, adyo, mkaka wa kokonati, ndi tsabola wothamangitsa chimfine! Chemwali, ine ndikukwatirani lero lomwe."

Luningning anaseka mpaka jipu inamusiya.

Chikondi chawo chinayaka ngati moto wapaudzu. Patatha chaka, Dindo anapeza ntchito ya zamagetsi ku Qatar. Tsiku lonyamuka anagwira manja a bwenzi lake, misozi ikulengeza m'maso.

"Ning, duwa langa, adobo ya mkazi wina sidzalowa m'kamwa mwangamu. Ndalumbira!"

Mauthenga ankabwera tsiku ndi tsiku.

"Wapamtima, kuno adobo ndi ya nkhuku basi, msuzi wake ngati madzi otsukira mbale. Anzanga a ku Manila akuti yawo ndiye yeniyeni, a ku Cebu akuti yawo. Dzulo anatsala pang'ono kumenyana. Ine ndimangoti sanalawe ya Ning."

Luningning ankawerenga n'kupsompsona foni. Ndani sakanakhulupirira mawu otere?

Patapita zaka ziwiri Dindo anabwera kutchuthi, masaya atatuluka, lamba atasuntha mabowo awiri. Luningning anapala kokonati mpaka zala kupweteka. Mayi ake, mayi Perla, anatulutsa mbale za alendo.

Dindo anatapa nyama ndi mpunga. Anatafuna, anatafunanso, kenako anakwinya nkhope.

"Bebi, tsabolayu wachulukatu. Shuga mulibe? Cherry amathirako shuga pang'ono ndi chinanazi."

Supuni ya mayi Perla inagwa pansi.

"Cherry ndi ndani?" anafunsa Luningning.

"Ndi... ndi mdala wina wotiphikira kuntchito. Wandevu. Wadazi."

Nthawi yomweyo foni yake inawala patebulo. Panatulukira chithunzi cha mkazi wopanda ndevu ngakhale imodzi, tsitsi lofika m'chiuno. Luningning anawerenga mokweza uthenga wa mkaziyo:

"Amuna anga, mwafika bwino? Musakhalitse kwa azakhali anuwo. Mwana akugunda m'mimbamu, wasowa bambo ake."

Luningning anakweza maso n'kumuyang'ana Dindo.

"Azakhali? Dindo, ine ndasanduka azakhali ako?"

Dindo anagwada, mpunga uli pamlomo.

"Ning, mtima wanga, kunja n'kovuta. Inali njala chabe! Anandipatsa mbale imodzi, kenako ina..."

"Kenako mimba? Zaka ziwiri ndikukana amuna, iwe uli kalikiliki kunyambita chinanazi! Tuluka!"

Dindo anadzuka, n'kuponya diso pambale yake.

"Nditsirize kaye kanyamaka?"

"TULUKA!"

Chitseko chitatsekeka, Luningning anagwera pachifuwa cha mayi ake n'kulira ngati mwana. Kodi malumbiro onse aja anali a pakamwa chabe? Nanga anthu kutchalitchi akawauza chiyani?

Mayi Perla anamusisita pamsana kwa nthawi yaitali, akupukusa mutu.

"Lira mwanangu, lira. Za mkaziyo mwina tikanaitana akuluakulu n'kukambirana. Koma chinanazi mu adobo? Shuga? Munthu ameneyu akanadzaphunzitsa adzukulu anga zimenezo? Mulungu wakupulumutsa!"

Luningning anaphulika kuseka, misozi ikutsikabe. Anakoka mpando, anawonjezera tsabola m'mbale mwake, n'kuyamba kudya.