Makolo Obwereka a Ramiro

Pakhomo pa Mayi Lucinda Archuleta, mumzinda wathu wa Pueblo, mlendo sankachoka ndi njala, ndipo pemphero silinkasowa. Ine ndimakhala kuseri kwa mpanda wawo, choncho ndikunena zomwe ndinaona. Mayiwo anaphunzitsa ana mpaka imvi mbuu, ndipo atapuma ntchito anatsala ndi loto limodzi: kutsegula sukulu ya chata, ija boma limalipira koma oyendetsa ndi eni ake.

Komatu chilolezo chake si masewera! Akuluakulu a maphunziro m'dera amafufuza zimene ana adzaphunzire, nyumba yophunziriramo, ngakhale mbiri ya oyendetsa. Pomaliza amaitanitsa msonkhano wa poyera kuti amve ngati makolo akuifunadi sukuluyo. Zonsezo mayiwo anakonza okha. Koma poti mawondo ankawavuta, ntchito yoyenda khomo ndi khomo kukaitana makolo kumsonkhanowo anaipereka kwa mwana wawo Ramiro, mnyamata wa pakamwa potsekemera.

"Ugogode paliponse, mwanangu. Akakukana, uthokoze n'kupita kwina."

"Amayi, inu gonani tulo. Holo idzasefukira!"

Sabata yoyamba anayendadi. Dzuwa linamuwotcha, galu anamuthamangitsa. Yachiwiri ankangoimika galimoto pamthunzi n'kumaseweretsa foni. Mpamene anamupeza Dustin, mnzake wa kusekondale, amene chibadwire sanakhetsepo thukuta.

"Aise, ukudzizunziranji? Akuluakulu aja amangowerenga mitu basi. Anthu ndili nawo ine. Uwagulire pitsa, uwaveke malaya a sukuluyo, uwauze zonena. Zatha!"

"Nanga akawafunsa mafunso?"

"Afunse ndani? Iwe, mantha akowa udzafa nawo wosauka."

Ramiro anaseka, nagwirana naye chanza. Kuyambira tsikulo sanagogodenso pakhomo pa munthu.

Mayi ake anayamba kukayika. "Makolo akowo bwanji sabwera kudzandiona? Ndikufuna ndiwaphikire matamale, zikondamoyo zathu zija za chimanga ndi nyama, ticheze."

"Ndi otanganidwa, amayi."

"Onse? Ramiro, kuthamanga sikufika. Ngati zikuvuta, undiuze lero."

"Aaa, amayi, simundikhulupirira?"

Tsiku la msonkhano, abale inu, m'holo munali anthu! Malaya achikasu okhaokha mpaka kukhomo, m'manja phwaphwaphwa, ena kuimba malikhweru. Mayi Archuleta anagwira dzanja la mwana wawo misozi ili mbwembwembwe. "Mulungu akudalitse, mwanangu!" Ramiro anatukumula chifuwa.

Mwambo wake ngwakuti wolankhula aliyense amayamba watchula dzina lake ndi sukulu yomwe mwana wake akuphunzira panopa. Woyamba anali bambo wina wandevu. Anatchula sukulu ina ya kummawa kwa mzinda, nayamba kutamanda Mayi Archuleta mokweza, koma dzina lawo analiphonya.

Wapampando, Mayi Trujillo, anavula magalasi. "Pepani bambo, mwati mwana wanu ali pasukulu iti?"

Anabwereza.

"Zodabwitsa. Ine ndinali mphunzitsi wamkulu pomwepo mpaka tsiku limene inatsekedwa. Pano amasungiramo matayala. Mwanayo amaphunzira ndi ndani?"

Wandevu uja anacheukira Dustin, koma Dustin anali atazemba kale. Kenako kumbuyo mtsikana wina anakuwa: "Inu, pitsa ija ibwera nthawi yanji? Ife anatiuza kuti tingokhala pang'ono!"

Ayi ndithu, kuseka kwake sindidzakuiwala. Ine ndinalakalaka pansi patang'ambika.

"Amene muli ndi mwana woti adzaphunzire pasukuluyi, imirirani," anatero wapampando. Palibe anaimirira. Choipitsitsa, mabanja angapo enieni anali atabwera, koma anabwezedwa pakhomo poti malo anali atadzaza ndi a malaya achikasu.

"Mayi Archuleta, anthuwa mukuwadziwa?"

Mayiwo anadzuka movutikira, atagwira mpando. "Sindikuwadziwa. Koma amene wawabweretsa ndikumudziwa, ndi mwana wanga. Ndapepesa."

Wapampando analankhula mwachisoni. Anati maphunziro omwe mayiwo anakonza anali abwino koposa onse amene analandira chaka chimenecho, koma sangapereke ana a eni kwa anthu oyamba ndi chinyengo. Akuluakulu onse anakweza manja kukana.

Panja Ramiro anagwada pa phula, akulira ngati mwana.

"Amayi, ndikhululukireni! Ndidzayenda mzinda wonse wapansi. Tidzayesanso chaka chamawa!"

Mayi ake anamudzutsa, namupukuta kumaso.

"Ndakukhululukira, mwanangu. Koma chaka chamawa ndikadzabwera ndi makolo enieni, adzawakhulupirira ndani?"

Sanayesenso. Nyumba yomwe inkayenera kukhala sukulu ija ili chitsekere, ndipo ana athu amaidutsa m'mawa uliwonse pa basi.

Achinyamata inu, ulesi suyenda wokha, umabwera ndi bodza. Ndipo bodzalo likaululika, limaononga dzina la amene anakukhulupirira, dzina lomwe anavutikira moyo wake wonse.