Nyimbo Imene Sinajambulidwe

Abusa anatsika basi pageti la chipatala miyendo ikuwawa, chikwama chikuwakokera phewa pansi. Anali atatopa zenizeni. Lamulungu analalikira kawiri, Lolemba anaphunzitsa ku yunivesite mpaka mawu kusasa, ndipo mayeso a ophunzira awo anali atawunjikana patebulo osachongedwa. Anthu ankawasirira kuti ndi m'busa komanso katswiri wa zinenero. Eni akewo ndiwo ankadziwa kuti mapanga awiri avumbwitsa.

Chimene chinawathamangitsa tsikuli chinali nyimbo. Kwa zaka zambiri ankajambula mawu a telala wina wokalamba, munthu womaliza wolankhula chinenero cha makolo ake. Miyambi, nthano, mayina a mitengo, zonse zinali m'kamakina kawo kojambulira mawu. Inatsala nyimbo imodzi, yogonekera mwana, imene atelala ankangoti, "Imeneyo ndidzayimba tsiku lina." Buku limene abusa ankalemba linkadikira nyimbo yomweyi. Ndiye mwana wamkazi wa atelala atayimba foni kuti bambo ake agonekedwa ndipo akuwafuna, abusa sanaiwale kugula mabatire atsopano.

M'wodi munkanunkha mankhwala. Atelala anali pabedi lapakona, ataonda mpaka malaya kuwakulira. Mwana wawo uja anapereka mpando. Abusa anakhala, n'kutulutsa kamakina kaja, n'kukayatsa pabulangete.

"Mwabwera ndi mkazi wanu wamng'ono," anatero atelala, akuyang'ana kamakinako n'kumwetulira mofooka.

"Ndimati mwina lero mungayimbe ija, bambo."

"Ine ndinaitana abusa, osati aphunzitsi. Zaka zonsezi mumandifunsa kuti ichi timati chiyani, icho timati chiyani. Ndayankha mpaka kukamwa kuuma. Koma chimwalirire mchemwali wanga, palibe amene anachezapo nane m'chinenero cha amayi anga. Mwana wangayu sachidziwa. Mwatsala ndinu nokha. Tazimitsani chinthucho, ticheze ngati anthu."

Abusa anayang'ana kanyali kofiira ka makinawo. Ankaona okha kuti tsiku lina lija silidzabweranso. Nyimbo ikayimbidwa makina ali ozima, ndiye kuti yapita, ndipo ntchito yawo yonse idzakhala yoperewera. Mtima unawapweteka. Koma manyazi nawo anawagwira, chifukwa sanathe kukumbukira tsiku limene anafunsapo nkhalambayi kuti yadzuka bwanji asanayatse makina.

Anakazimitsa, n'kukabwezera m'chikwama, n'kutseka zipi.

Anayamba mopunthwapunthwa m'chinenero chija. Anafunsa za bondo la atelala, za makina awo osokera. Atelala anaseka kalankhulidwe kawo mpaka kutsokomola, koma anayankha. Anakamba za mayi awo, ndi za mbuzi imene inatafuna diresi la mkwatibwi ali pafupi kulipereka. Anapemphera limodzi. Kenako, popanda wowapempha, atelala anatsinzina n'kuyamba kuyimba motsitsa mawu. Dzanja la abusa linapita lokha pa zipi. Analibweza, n'kugwira dzanja la wodwalayo mpaka nyimbo inatha.

Sabata isanathe, atelala anamwalira.

Ku yunivesite, mkulu wa dipatimenti yawo atamva nkhaniyi anapukusa mutu. "Munali pomwepo, makina muli nawo m'manja, osajambula? Abusa, mwakalamba."

"Ndakalambadi," anayankha abusa. Analibe mphamvu zotsutsana ndi munthu. Anabwerera mu ofesi yawo, n'kukhala pakati pa milu ya mayeso ija. Anayesa kukumbukira nyimboyo. Inabwera mizere iwiri yoyambirira, kwinako zii. Anavula magalasi, n'kuzyolika.

Masana omwewo wina anagogoda. Anali mwana wa atelala, maso akadali otupa.

"Pepani abusa, ndakusokonezani," anatero ataima pakhomo. "Nyimbo ija bambo anayimba kuchipatala, ankandiyimbira ndili wamng'ono. Ndikukumbukira pothera pake pokha, koma sindidziwa kuti imati chiyani. Ine ndinkachita nacho manyazi chinenerochi, ndinkathawa akayamba kulankhula. Tsiku lija ndinawaona akuseka nanu, ine mwana wawo ndili du ngati mlendo. Mungandiphunzitse, olo pang'ono? Ndili ndi ana."

Abusa anacheukira chikwama chawo chimene chinali pakona, koma anachisiya pomwepo. Anadzuka, mawondo akulira, n'kuchotsa mulu wa mayeso pampando wa alendo.

"Khalani, mwanangu. Ine ndili ndi poyambira, inu muli ndi pothera. Zapakati zinapita ndi bambo anu, ndipo sitidzazipezanso."

Mayiyo anakhala, n'kupukuta misozi ndi kuseri kwa dzanja.

"Nyimboyo tifikako," anatero abusa, akukokera mpando wawo pafupi. "Tiyambe ndi mawu amene ine ndinachedwa nawo. Mvetserani bwino. Bambo anu akafuna kufunsa munthu kuti wadzuka bwanji, ankanena chonchi."