Chifuwa cha Kalipentala

Madzulo a tsikulo Namwino anafika pakhomo atatopa monga mwa masiku onse. Anavula nsapato, anatsuka makapu a m'mawa, n'kuyamba kulongedza chikwama. Kukacha ankayenera kupita kuchipatala chachikulu kumene mwamuna wake, Kalipentala, anagonekedwa. Amene ankadwazika kumeneko anali mlongo wake wa bamboyo, poti Namwino anali yekha pa kachipatala ka m'deralo ndipo tchuthi anam'patsa mochedwa. Tsiku lonse mlamu wakeyo sanayankhe foni. Namwino anangoti batire latha, mlamu ujatu ndi wosasamala chibadwire.

Matenda a Kalipentala anali madzi m'chifuwa. Mkazi wake ankamufotokozera monga munthu wa zomangamanga angamvere. Thupi lili ndi zipinda, cha m'chifuwa pamwamba, cha m'mimba pansi, pakati pali mnofu wolekanitsa. Chipinda chilichonse chinayalidwa nembanemba yopyapyala, yoterera. Ya m'mapapo ndi yophatikiza pawiri, ndipo pakati pake pamakhala timadzi tongonyowetsa kuti mapapo asakhulane ndi nthiti. Kwa Kalipentala timadzi tija tinasanduka dziwe.

Asanagonekedwe, madzulo aliwonse Namwino ankamukhazika pampando, kuyala chikhatho pamsana pake, n'kumagogoda chala ndi chala chinzake. Pamene pali mpweya pamalira ngati chigubu chopanda kanthu. Pamene pali madzi kapena chiwalo cholimba pamangoti thi, thi.

"Mukusaka chiswe kodi, adokotala anga?" ankatero bamboyo, akuseka kwinaku akubanika.

Kutangoda, panamveka kugogoda pachitseko. Namwino anatsegula. Anali Kalipentala, ali chilili, opanda chikwama, opanda nsapato. Malaya anali atamanga mabatani mpaka pakhosi, munthu amene chikwatirane ankayenda chifuwa pamtunda.

"Abambo! Akutulutsani? Nanga alamu ali kuti?"

"Akubwera m'mbuyo. Andichotsa zonse, mayi. Ndapepuka."

Analankhula mawu onsewo osadukiza. Kwa miyezi bamboyu ankadula chiganizo pakati kuti akoke mpweya. Namwino anasangalala mpaka misozi. Anathamangira ketulo, koma mwamunayo anakana tiyi. Anakoka mpando wake uja, n'kukhala, n'kum'patsa msana.

"Tandigogodani."

Namwino anati akweze malaya, bamboyo anagwira m'mphepete mwake.

"Pamwamba pomwepo. Kukuzizira."

Anayala chikhatho. Msana unali wozizira ngati simenti, koma nanga munthu wayenda ndi mphepo. Anagogoda pansi pa phewa. Panalira. Anatsika nthiti imodzi. Panalira. Anafika pamene madzi ankayambira, pamene pankamudula mtima tsiku ndi tsiku. Panalira bwinobwino.

"Atha! Abambo, madzi atha!"

Akanasiyira pomwepo. Koma zala za namwino sizimva kuletsa, zimamaliza zimene zayamba. Zinatsikira kumanja, pansi pa nthiti, pamene chiwindi chimayankha kuti thi. Panalira. Namwino anasiya kuseka. Anazungulira kutsogolo, n'kugogoda kumanzere, pamene pamakhala mtima m'kathumba kake. Panalira. Anagogoda pamimba, m'mbali, paliponse. Kulira kwake kunali kumodzimodzi, kuyambira pakhosi mpaka m'chiuno. Zipinda ziwiri zija zinali chipinda chimodzi, ndipo munalibe katundu.

Anatenga chomvetsera m'chifuwa m'chikwama muja. Munthu akangopopedwa madzi, nembanemba zimakhulana, zimalira ngati nsapato yatsopano. Anamvetsera. Zii. Kupuma kunalibe, kugunda kunalibe. Ankangomva magazi ake omwe m'makutu.

Pochotsa dzanja, chala chinakhudza kamzere kotukuka pansi pa malaya. Anakatsata. Unali msoko wa ulusi wokhuthala, wochokera pakhosi kutsikira kumchombo. Msoko wotere anauonapo ali pasukulu, m'chipinda chozizira cha kuseri kwa chipatala. Munthu wamoyo samusoka choncho.

Patebulo foni inayamba kulira. Dzina la mlamu linawala.

"Musayankhe kaye," anatero Kalipentala modekha. "Aja akumeneko anena zawo, koma ine ndimamvera inu. Mukati sindinachire, ndikhala pompano muzindisamala. Mukati ndachira, ndizipita."

Namwino anachita mantha, inde, koma mantha anali ochepa. Chachikulu chinali chakuti ankamufuna mwamuna wake. Ankamufuna pampando pomwepo, wozizira choncho, wopanda kanthu choncho, bola aziti adokotala anga. Liwu limodzi lokha likanakwanira. Ndani akanamutsutsa? Namwino wa dera lonselo anali iye.

Anamuyang'ana kumaso. Anakumbukira miyezi ija bamboyu ankagona chokhala, atatsamira khoma, akusaka mpweya ndi pakamwa.

"Palibe pakupweteka?"

"Ngakhale pang'ono."

Foni inaleka, n'kuyambanso.

"Mwachira, bambo."

"Zikomo, mayi."

Anadzuka, anabwezera mpando pamalo pake, n'kutuluka. Chitseko anatseka pang'onopang'ono. Panja sipanamveke mapazi.

Namwino anayankha foni. Mlamu ankalira mosatonthozeka. Achimwene anatisiya m'mawa, anatero. Masana madokotala anatsegula thupi kuti aone chimene chawatenga. Ine ndimaopa kukuuzani, ndimasowa poyambira.

Nkhaniyi inamveka chifukwa mayi woyandikana nawo nyumba anamuona Kalipentala akulowa pageti, anam'patsa moni, iye n'kuyankha. Mayiyo atadzafunsa, Namwino anamufotokozera zonse. Mpaka lero anthu a mumsewu umenewo amanong'onezana Namwino akamadutsa. Ena amati anachita bwino, wakufa sasungidwa m'nyumba. Ena, makamaka amayi amasiye, amayang'ana pansi n'kuti akanakhala iwo sakudziwa chimene akanayankha.

Namwino sawayankha onsewo. Ntchito amagwira, odwala amawaseketsa. Koma wina atamufunsa ngati amaopa kugona yekha m'nyumbamo, anapukusa mutu.

"Sindiopa kuti abweranso. Sabwera. Ndinawauza ndekha kuti azipita, ndipo bambo aja sanandikanirepo."