Filina ndi Moto wa Hefesito

Filina ankakhala pa chilumba cha Lemino. Nyumba yawo inali pamwamba pa phiri. Filina ankatsimphina. Ankayenda ndi ndodo. Ankayenda pang'onopang'ono.

Filina ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna moto.

Chaka chilichonse anthu a ku Lemino ankazimitsa moto wonse. Ankadikira masiku asanu ndi anayi. Kenako ngalawa inkabweretsa moto watsopano wa milungu.

Chaka chimenecho kunazizira kwambiri. Bambo anali pa ulendo wa panyanja. Amayi anali ndi khanda la masiku atatu. Khanda linkalira. Timapazi take tinali zii, tozizira.

M'mawa wina anthu anafuula kumunsi. "Ngalawa yafika! Moto wafika!"

"Amayi, ndikatenga moto ndine," anatero Filina.

"Ndi kutali, mwanangu. Nanga mwendowo?"

"Mwendowu njira ukuidziwa."

Amayi anamwetulira. Anamupatsa phale. Anamupatsanso nkhuyu zitatu za kamba wa panjira.

Filina anatsika phiri. Anatsika, anatsika, mpaka ku gombe. Wansembe anaika khala la moto pa phale lake.

"Moto wa mulungu Hefesito uwu," anatero wansembe. "Uusamale."

Likoni, mnyamata wa nyumba yoyandikana ndi yawo, anayatsa muuni wake.

"Iwe Nkhono!" anatero Likoni. "Ukafika mawa!"

"Thamanga, Mbuzi iwe!" anayankha Filina. "Koma usagwe!"

Likoni anathamanga. Filina anayamba kukwera.

Mphepo inaomba. Fuuu! Filina anatchinga khala ndi dzanja. Mphepo inaombanso. Fuuu! Kenako dontho la mvula linagwa pa phale. Tsii! Khala linazima.

Filina anauzira. Anauziranso. Moto sunayake.

Gombe linali kutali. Mwendo unkawawa. Filina anakhala pa mwala. Analira.

Kenako anamva phokoso.

Ngo! Ngo! Ngo!

Mwala unanjenjemera. Phiri lonse linanjenjemera.

Ngo! Ngo! Ngo!

Filina anacheuka. Kuseri kwa mwala kunali phanga. Phangalo anali asanalionepo. M'kati munali kuwala kofiira.

Filina anatenga ndodo yake. Analowa.

Ha! Munali chipala chachikulu. Moto unkafika kudenga. Mivukuto inkadzivukuta yokha. Mbalame zamkuwa zinkauluka m'mwamba. Zinkauluka, zikuimba. Filina anangoti kukamwa yasa!

Pakati panali munthu wamkulu. Mutu wake unkakhudza denga. Mikono yake inali ngati mitengo. M'dzanja munali nyundo. Ankasula mphezi! Mpheziyo inkati ng'ani, ng'ani. Filina anaphimba maso.

"Odi," anatero Filina ndi timawu tating'ono.

Nyundo inakhala chete.

"Ndani akuodira pa chipala changa?" Mawuwo anali ngati bingu.

"Ndine Filina, Ambuye. Moto wanga wazima. Khanda lathu likuzizidwa."

Wosula uja anaika nyundo pansi. Anabwera kwa Filina. Anabwera pang'onopang'ono. Ankatsimphina.

Filina anayang'ana mwendo wa wosula. Wosula anayang'ana mwendo wa Filina.

"Wachokera ku gombe ndi mwendo umenewo, mwanawe?"

"Inde, Ambuye."

"Ukuwawa?"

"Ukuwawa."

"Wanganso umawawa kukazizira."

Filina anamuyang'anitsitsa. "Kodi... ndinu a Hefesito?"

"Ndine amene."

"Koma milungu imatsimphinanso?"

Hefesito anaseka. Phanga lonse linagwedezeka. Mbalame zamkuwa zinabalalika.

"Ineyo ndimatsimphina," anatero. "Milungu inzanga imandiseka. Koma mphezi ya Zeu, mfumu ya milungu, ikathyoka, amapita nayo kwa yani?"

"Kwa inu?"

"Kwa ine, basi."

Hefesito anatola kachidutswa ka mkuwa. Anatenga nyundo yaing'ono. Go, go, go. Zala zake zinali zazikulu. Koma zinkagwira mosamala. Go, go, go. Anasula kamphika. Anasulanso kavindikiro kake.

Kenako anapisa dzanja m'moto. Sanapse! Anatola khala limodzi. Analiika m'kamphika muja.

"Tenga," anatero. "Mphepo singazimitse moto m'menemo."

Filina anagwada. Analandira ndi manja awiri. Kamphika kanali kofunda bwino.

"Zikomo, Ambuye. Ndili ndi nkhuyu zokha. Landirani."

Hefesito anaika nkhuyu zonse m'kamwa kamodzi.

"Zatsekemera," anatero. "Pita tsopano. Khanda likudikira."

Filina anatuluka. Atacheuka, phanga panalibe. Panali mwala wokha. Anaukhudza. Mwalawo unali wotentha.

Anayamba kukwera. Mphepo inaomba. Fuuu! Moto sunazime. Mvula inagwa. Moto sunazime.

Panjira anapeza Likoni. Anali atakhala pansi. Muuni wake unali utazima.

"Filina," anatero Likoni, "undigawireko moto."

"Lero ndine Filina? Si Nkhono?"

Likoni anayang'ana pansi. "Pepa."

Filina anatsegula kamphika. Muuni unayaka pomwepo.

"Usathamange nawo," anatero Filina.

Anakwera limodzi, pang'onopang'ono.

"Amayi, ndafika! Moto uwu!"

Amayi anasonkha nkhuni. Moto unayaka. Nyumba inafunda. Khanda linasiya kulira. Linatambasula timiyendo take. Linagona.

Amayi anaphika mkate wa barele. Anaikapo uchi. Kenako anatenga kamphika kaja. Anakatembenuza uku ndi uku.

"Mwanangu, kamphika aka wakupatsa ndani?"

Filina anafotokoza zonse. Anafotokoza za phanga. Anafotokoza za mbalame zamkuwa. Anafotokoza za mphezi.

Amayi ananyema mkate. Chidutswa choyamba anachiponya pa moto.

"Iyi ndi yanu, a Hefesito," anatero.

Moto unathetheka. Unawala ngati golide.

Amayi anamukumbatira Filina.

"Tandiuza," ananong'ona. "Ndi ooneka bwanji?"

"Ndi aatali ngati phiri," anatero Filina. "Mawu awo ali ngati bingu."

Analuma mkate wotentha. Anamwetulira.

"Ndipo Amayi, a Hefesito amayenda ngati ine."