Mawu Odulidwa ndi Mapiko

Anayamba kuzimva ndi mlonda: usiku, m'shedi ya helikopita, wailesi ya m'ndegemo inkayankhula yokha. Mayi wokonza mawailesi pakampanipo anati ndi maloto a ukalamba, koma pofuna kumutseka pakamwa anachotsa batire n'kupita nalo kwawo.

Mayiyu anali kale ndi chilonda mumtima. Mlongo wake, wokonza nsanja za mafoni, anagwa kuphiri ali ndi wailesi yam'manja, ndipo helikopita yomweyi inapita kukamufuna n'kubwerako chimanjamanja. Mtembo unapezeka mochedwa. Woyendetsa analumbira kuti sanamve kuitana kulikonse. Koma vuto la ndegeyo ankalidziwa aliyense: eriyo ya wailesi inali kunsi kwa mapiko, ndipo mapikowo akamazungulira ankaduladula mawu ngati mpeni pa anyezi. Oyendetsa anazolowera moipa. Mawu akayamba kuduka, ankangoti "ndi mapiko" n'kutsitsa voliyumu.

M'mawa mwake, batire lili kwawo kwa mayiyo, mlonda anamunong'oneza: "Mayi, yayankhulanso. Ine ntchito ino ndiisiya."

Usiku wotsatira anadikirira limodzi. Mdima unali bii, malata akuthetheka ndi kuzizira, mapiko atamangidwa ndi zingwe, osagwedezeka n'komwe. Kenako m'ndegemo munayamba phokoso ngati la mafuta otentha, ndipo mkati mwake munatuluka mawu otopa, odukaduka ngati mapiko akuzungulira.

"Ndi... li... pansi... panu. Ndi... ku... kuonani."

Mayiyo anawazindikira mawuwo, pakuti anakula nawo nyumba imodzi. Mantha anamugwira, koma mkwiyo unaposa.

Kutacha anamupeza woyendetsa akumwa tiyi.

"Achimwene, mlongo wanga munamumva kapena ayi?"

Bamboyo anayang'ana m'kapu. "Ndinkayesa ndi mapiko, mayi. Tonse timatsitsa."

"Munatsitsa munthu ali moyo."

Tsiku lomwelo mayiyo anasamutsira eriyo kumchira, kantchito kochepa kamene mabwana ankangoti kadikire. Mawu onse anayamba kumveka bwinobwino, kupatula amodzi. Woyendetsa uja akangovala zomvera m'makutu, ankawamva yekha, odukaduka, akumuitana kuchokera pansi. Anawonda mpaka lamba kusowa bowo. Ena ankati walodzedwa, ena ankati ndi mowa.

Madzulo ena anabwera kwa mayiyo.

"Chonde, ndikonzereni. Voliyumu ikukana kutsika."

Mayiyo anapitiriza kupukuta zida zake, osatukula mutu.

"Musadandaule, achimwene," anatero. "Ndi mapiko."